ZA ANA ATHU: LIWIRO LA PA MKOMBAPHALA

Makolo ndi alezi a m'midzi ingapo ya kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi afunsa funso limodzi, ena pakamwa, ena m'kalata: kodi nkwabwino kuti ana a pa sukulu ya mkombaphala, a zaka zitatu kufikira zisanu, akhale ndi nthawi yao ya kuthamanga tsiku ndi tsiku? Ndipo ngati nkwabwino, tiyambe bwanji? Ena mwa ofunsawo ali okondwa, pakuti anamva mbiri ya akatswiri a liwiro a ku Kenya, ndipo ayesa kuti kapena mwa tiana tathuti muli wina amene adzakwera ndege. Ena ali okwiya ndithu. Iwo ati, "Mwana tinamtumiza kuti akaphunzire Cingerezi, kuthamanga angathamange kunyumba komwe kuno, popitikitsa nkhuku." Ndiwayankha onse pamodzi, pakuti ndiona kuti maso ao apenya posayenera. Oyambawo apenya mwana wa patsogolo, enawo apenya pa bolodi. Koma mwana woyenera kumpenyetsetsa ndiye wotsalira m'mbuyo.

Tiyambe ndi sukuluzo. Sizinabwere dzulo m'dziko muno. Mu 1970 kunakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi, ndipo wodziwa Cingerezi aone kuti m'dzina limeneli muli mau onena za magulu a masewera. Za mayeso mulibe. Poyamba sukulu zotere zinali za m'matauni. Zinafalikira m'midzi makamaka m'zaka za m'ma 1990, pamene nthenda ya Edzi inasiya ana amasiye osawerengeka, ndipo midzi inayamba kusonkhanitsa tiana pansi pa mtengo kuti tipeze phala ndi diso la munthu wamkulu. Mu 2003 Boma linalemba ndondomeko yace yoyamba ya kaleredwe ka ana ang'ono. Lero kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo, kwa Nthondo, mupeza tinyumba ta udzu kapena ta malata m'mene alezi, ambiri a iwo amai odzipereka cabe, asunga ana a anzao m'mawa wonse. Anthu amenewa ayenera ulemu.

Koma talowani m'kanyumbako. Kawirikawiri mupeza khamu la tiana titakhala pa mphasa, miyendo yotambalala, tikubwereza maina a miyezi m'Cingerezi kufikira wotsiriza, ndi kuyambanso. Wina akaimirira, amkhazika pansi. Mlandu suli wa alezi okha. Makolo ndiwo afunsa mwana madzulo kuti, "Tanena Cingerezi cimene waphunzira lero," ndipo akapanda kunena, amuyesa mlezi waulesi. Cotero mlezi, poopa pakamwa pa makolo, asandutsa kamwana ka zaka zitatu kukhala ngati wophunzira wa Standard 5.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, World Health Organization, linalengeza mu 2019 malangizo a ana osafika zaka zisanu. Linati mwana wa zaka zitatu kapena zinai ayenera kuyenda, kusewera ndi kugwedeza thupi maminiti 180 pa tsiku, ndiwo maora atatu, omwazika m'tsiku lonse. Ndipo mwa amenewa ora limodzi likhale la masewera amphamvu, ofulumizitsa mtima ndi mpweya. Linatinso mwana asamangike pamalo amodzi koposa ora limodzi, asakhalitse pansi nthawi yaitali, ndipo agone tulo maora 10 kufikira 13.

Apa wina adzati, "Malangizo amenewo anawalembera ana a ku London ndi Johannesburg, amene angokhala tsiku lonse kuyang'ana kanema. Athu kuno athamanga okha." Mau awa ali ndi coonadi, ndipo sindiwakana. Kamnyamata ka kwa Dzoole kotsata akulu ace kubusa, kukwera zitunda ndi kutsikira kudambo, kakwanitsa maora atatuwo dzuwa lisanafike pamutu. Komatu si onse. Kalipo kamtsikana ka zaka zisanu kamene kabereka mng'ono wace pamene amace ali kumunda wa fodya. Alipo wina wongokhala tsonga m'mbali mwa khonde, ndipo a kwao anazolowera kunena kuti, "Ameneyu ngwofatsa." Kunyumba palibe womuyerekeza naye, ndipo akulu ali otanganidwa. Koma ana a msinkhu umodzi akanyamuka pamodzi, pamalo amodzi, pamaso pa munthu amene awaona tsiku ndi tsiku, kusiyana kwao kuonekera poyera. Akale anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Pamenepa ndipo pagona phindu lalikulu la nchitoyi.

Tsono tidziwe kathamangidwe ka mwana wamng'ono, pakuti sikafanana ndi ka munthu wamkulu. Mwana ayamba kuthamanga ca pa zaka ziwiri, koma pa zaka zitatu akali kuphunzira kuima msanga ndi kukhota osagwa. Kudumpha bwino ndi mwendo umodzi kubwera pambuyo pace. Mutu wace uli waukulu poyerekeza ndi thupi, miyendo iri yaifupi, ndipo kumapeto kwa mafupa ace kukali kofewa, pakuti ndiko kumene pfupa likulira. Satuluka thukuta lambiri monga wamkulu, ndipo sadziwa kunena za ludzu kufikira litamkulira. Muwapenye posewera okha pabwalo: athamanga kamphindi, naima, natola kamwala, nathamanganso. Palibe anawaphunzitsa zimenezi. Thupi lao lomwe ndilo liwauza muyeso. Wofuna kuyambitsa liwiro pa mkombaphala atsate muyeso umenewu. Kuwandandika pamzere ndi kuwalamula kuti azungulire bwalo la mpira la ku pulaimale kasanu osaima, kumeneko nkuwazunza, ndipo adzadana ndi kuthamanga asanakudziwe kukoma kwace.

Ku Scotland, dziko la kwao kwa David Livingstone, kuli mzinda dzina lace Stirling. Kumeneko mu 2012 mai Elaine Wyllie, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya St Ninian's, anaona kuti ana ace alephera kuzungulira bwalo la sukulu osawefuka. Anayamba kuwatulutsa kunja maminiti 15 tsiku ndi tsiku, m'zobvala zomwezo anabwera nazo, ali yense athamange kapena ayende monga akhoza, popanda mpikisano. Mwambo umenewu, umene anaupatsa dzina la The Daily Mile, unafalikira m'sukulu zambiri za maiko ena. Ana ambiri a mai ameneyu anali aakulu kuposa athu a pa mkombaphala, cotero sititenga muyeso wace wa mtunda. Cimene titenga ndi ici: panalibe cogula, panalibe wosankhidwa, ndipo zinacitika masiku onse.

Nanga inu amene mulota za Kenya? Ku Iten, pa mapiri aatali mamita pafupifupi 2,400 (athuwa safika pamenepo), kuli sukulu ya St Patrick's, kumene Brother Colm O'Connell wa ku Ireland anafika mu 1976 kudzakhala mphunzitsi wa m'kalasi. M'manja mwace munadutsa akatswiri ambiri, mmodzi wa iwo David Rudisha, amene mu 2012 ku London anathamanga mamita 800 m'miniti imodzi ndi masekondi 40.91. Koma amene Brother anali kuwaphunzitsa liwiro anali anyamata ndi atsikana osinkhuka, a msinkhu wa ku sekondale. Wathu Catherine Chikwakwa anaimira Malawi pa masewera a Olympic ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15, ndipo mu 2004 ku Grosseto, m'dziko la Italy, anakhala waciwiri pa liwiro la mamita 5,000 la acinyamata a dziko lonse. Nthawi ya zimenezo idzafika kwa amene idzamfikira. Palibe munthu angapenye kamwana ka zaka zinai nanena kuti aka kadzakhala katswiri. Ulendo umene tiri kukonzera ana athu uli pafupi: akakwanitsa zaka 6 ayenera kuyamba Standard 1, ndipo kwathu kuno njira ya ku sukulu ikwera citunda, niwoloka mtsinje. Si kamodzi makolo acedwetsa mwana caka cathunthu, ati miyendo yace siinakhwime.

Tsopano ndifike pa colemera. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osafika zaka zisanu m'Malawi, 37 anali opinimbira, ndiko kuti aafupi kosayenera zaka zao cifukwa ca kuperewera kwa zakudya ndi kudwaladwala. Ndipo mwa ana 100 a miyezi 6 kufikira 59, ocepa magazi anali 63. Magazi ndiwo atenga mpweya m'mapapu kunka nao ku minofu. Mwana wocepa magazi angathe kukhala pa mphasa caka conse osadziwika. Koma athamange pang'ono pokha, mtima ugunda ngati ng'oma, apuma wefuwefu, nakhala pansi anzace akali kuseka. Malungo obwerabwera, njoka za m'mimba, ndi nsima ya ndiwo zosakwanira, ndizo zimbera magaziwo.

Cifukwa cace nditi, phala liyambe, liwiro litsate. Ana ambiri afika pa sukulu osalawa kanthu, ndipo kuthamangitsa mwana wa m'mimba mopanda kanthu kuli ngati kukoka ngolo ndi ng'ombe yosadya. Komiti ya makolo yofuna liwiro iyambe yasuzumira m'nkhokwe. Phala la ufa woyera ndi mcere wokha likhutitsa kamphindi cabe. Lofunika ndi la mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga, monga Likuni Phala, magawo anai a cimanga ndi gawo limodzi la soya, kapena lothira nsinjiro. Cimene cindimvetsa cisoni ndi cakuti soya ndi mtedza ndi mbeu za minda yathu yomwe ya Dowa ndi Ntchisi. Koma pokolola matumba onse atsikira kwa ogula a pa Mponela, pa Madisi ndi pa Malomo, osatsalako ngakhale ndowa imodzi ya tiana. Atamwa phala, apume theka la ora kapena kuposapo, akumva nthano, ndipo pamenepo atuluke.

Pothamanga pakhale akulu awiri. Mmodzi atsogole, wina atsale m'mbuyo. Ndipo wa m'mbuyoyo ndiye ali ndi nchito yaikulu, cotero akhale mlezi wodziwa ana onse maina ao ndi kwao. Mwana akatsalira tsiku limodzi si kanthu, kapena sanagone bwino. Koma akatsalira sabata yathunthu, kapena amene anali kuthamanga mokondwa mwezi watha akayamba kukana, mlezi amuitane pambali mwacifatso, osamcititsa manyazi pamaso pa anzace. Apenye zikhatho ndi m'kati mwa zikope ngati muli motumbuluka, akhudze pamphumi, aone mapazi ngati atupa, kapena ngati m'zala muli matekenya kapena munga wothyokera, amvere ngati m'cifuwa mulira mluzu monga mwa mphumu. Iye si dotolo, ndipo asapereke mankhwala. Nchito yace ndiyo kuuza makolo tsiku lomwelo, ndi kudziwitsa mlangizi wa za umoyo wa m'deralo, kuti mwana apite ku sikelo kapena ku cipatala. Ndipo inu makolo, mlezi akabwera ndi mau otere, musamlandire ngati wodzanyoza kaleredwe kanu. Thupi lotentha ndi mapazi otupa onse awiri sizidikira Lolemba. Wa ku Mtengowanthenga, ku Madisi, ku Dowa kapena ku Ntchisi pa Boma, anyamuke naye tsiku lomwelo.

Za malo. Kuno ku mapiri malo athyathyathya ndi osowa, koma sitifuna bwalo lalikulu. Pemphani kwa anyakwawa kadera kakang'ono pafupi ndi sukulu. Njira yozungulira mtengo wa mango kapena kanyumba komweko, ya mapazi makumi asanu a munthu wamkulu, ikwanira. Ngati malo ali otsetsereka, njira idutse copingasa, monga mizere yotsata akalozera, osalunjika kumtsetse ai. Pakuti kamwana kothamangira kunsi kalephera kudziimitsa, mutu utsogola, ndipo mano ndiwo alipira. Abambo azule zitsa, akwirire maenje, acotse miyala yakuthwa ndi mabotolo osweka. Njirayo italikire mseu, ngakhale kamseu ka pfumbi, pakuti njinga zamoto za kabaza ndi ngolo siziyembekeza mwana. Italikire citsime, ndi maenje oumbira njerwa amene adzala madzi m'dzinja. Koposa zonse italikire mafuwa: mphika wa phala lotentha ndi tiana tothamanga zisakumane.

Poyamba akhale masiku atatu pa sabata, maminiti khumi kuwerengera ndi kupuma komwe. Atazolowera, masiku onse. Ayambe ndi kuyenda kamodzi kuzungulira njirayo, akuomba m'manja. Pamenepo mlezi aitane maina a nyama. Akati kalulu, onse athamanga; akati cule, adumphadumpha; akati kamba, ayenda pang'onopang'ono, ndipo umo ndimo apumira osadziwa kuti ali kupuma. Kalulu asakhalitse, kamba abwere kawirikawiri. Masiku ena acite cipako, cibisalirano, kapena masewera aja a fisi ndi mbuzi, amene agogo athu anasewera osadziwa kuti ku Geneva adzawalembera malangizo. Mwana wofuna kuima aime. Palibe womkoka dzanja.

Ndipo inu amene munakwiya cifukwa ca Cingerezi, imvani ici. Ikani mulu wa zitsononkho poyambira, ndi licero pambali. Mwana ali yense akazungulira kamodzi aponye cimodzi m'licero, ndipo potsiriza awerenge onse pamodzi, poyamba m'Cicewa, pambuyo m'Cingerezi. Mwana amene waponya zitsononkho zitatu ndi dzanja lace adziwa tanthauzo la zitatu kuposa amene angobwereza mau pa mphasa. Akatha amwe madzi a pa mjigo kapena owiritsa, asambe m'manja, nalowe. Mlezi ali yense wayesapo adzakuuzani kuti ana otuluka kothamanga akhala pansi mwabata kuposa amene anawakhazika ciyambire m'mawa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndipempha kuti zisalowe m'nchitoyi. Coyamba ndi mphotho ya wofika patsogolo. Pa mkombaphala wa zaka zisanu ali pamodzi ndi wa zaka zitatu, wokhuta pamodzi ndi wanjala; mukaika siwiti pamapeto, adzaidya mmodzi yemweyo masiku onse, ndipo wotsalira uja, amene tiri kumfuna, adzaphunzira kubisala kuseri kwa nyumba nthawi ya liwiro ikafika. Caciwiri ndi kusandutsa liwiro kukhala cilango, monga kunena kuti, "Wacita phokoso, zungulira katatu." Atsikana athamange pamodzi ndi anyamata, ndipo wobwera ndi khanda kumbuyo amlandire khandalo kwa maminiti khumiwo. Wobvutika mwendo ayende ndi mlezi wa m'mbuyo, naponye citsononkho cace monga anzace. Mwana wa khungu la cialubino abvale cipewa ndi malaya a manja aatali, ndipo cifukwa ca iye njira yonse ikhale ya mumthunzi ngati nkotheka.

Ena adera nkhawa za nsapato. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana liwiro la makilomita 42 ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. Tiana tathu sitidzalephera mapazi makumi asanu. Pabwalo losesedwa bwino phazi lopanda kanthu liposa mapatapata obvuka, kapena nsapato ya pa kaunjika imene anagulira mwana kuti adzakuliremo. Koma dothi likhale loyera: kutali ndi cimbudzi ndi thengo lopitako anthu, pakuti ziripo njoka za m'mimba zolowera pa khungu la kuphazi; ndipo nkhumba zisagone pamenepo, pakuti pfumbi la pogona pao lisunga matekenya.

Nyengo nazo ziri ndi mau ao. Mu Juni ndi Julai, pamene nkhungu ikuta phiri la Ntchisi ndipo tiana tifika tikunjenjemera, dikirani dzuwa liwale, ndipo liwiro lidzawafunditsa. Mu Okotobala ndi Novembala citani m'mawa ndithu, mumthunzi, mufupikitse, madzi ali pafupi. Mvula ikagwa, katondo wathu aterera. Tsiku lotero kalulu, cule ndi kamba acitire m'nyumba, ali yense pamalo pace. Ndipo mu Januale ndi Febuluale, ufa ukatha pa sukulu, liwiro liime, pakhale nyimbo ndi nthano kufikira phala litabwerera. Potero nthawi yabwino yoyambira ndi mwezi wa Mei, pansi pataumapo, zokolola ziri pakhomo. Komiti ikhale pansi mu Marici, cimanga cikali m'munda, pamaso pa anyakwawa, nipangane muyeso wa cimanga, soya ndi mtedza umene banja liri lonse lidzapatula ogula asanafike, ndi maina a abambo odzazula zitsa, ndi mlezi amene adzayenda m'mbuyo.